Ana pamphasa, agogo pabenchi: mmene mibadwo imapempherera pamodzi ku Angónia

Mwezi wa June ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kumazizira mpaka m'mafupa. Lamulungu m'mawa nkhungu imakhala itaphimba phiri la Dómuè, udzu uli chonyowa ndi mame, koma chikangolira chitsulo chopachikidwa pamtengo wa pabwalo la tchalitchi, mudzi umayamba kutuluka. Ana amatsogola, ena opanda nsapato, manja atapisa m'khwapa. Amayi amabwera pambuyo, khanda kumsana, chitenje china atafunda. Abambo akukankha njinga. Kumapeto kwenikweni kuli agogo ndi ndodo yawo, pambali pawo kamdzukulu katanyamula Baibulo lokulunga m'pepala la pulasitiki kuti lisanyowe. Onsewa akulowa m'nyumba imodzi, ndipo akhala momwemo maola awiri kapena atatu, kuyambira wa miyezi itatu mpaka wa zaka 80.

Ife tinazolowera moti sitiona kuti pali nkhani. Koma m'maiko ena, makamaka ku America ndi ku Ulaya, matchalitchi ambiri akuluakulu amagawa banja pakhomo pomwe: makanda kuchipinda chawo, ana kwawo, achinyamata ku mapemphero awo, akuluakulu okha m'tchalitchi. Mwana angathe kufika zaka 18 asanamvepo bambo ake akupemphera pagulu. Ndiye chifukwa chake kumeneko kunadzuka mipingo ina yomwe inasankha mwadala kubwerera ku kupembedza kwa mibadwo yonse pamodzi, n'kumakutenga ngati chinthu choti achimenyere nkhondo. Kwathu kuno kugawa kotere kwayamba kuoneka mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, choncho ndi bwino tidziwe chimene tili nacho m'manja tisanachitaye, ndi pomwe chikuperewera.

Tiyambe ndi liwu lakuti banja, chifukwa pamenepa ambiri amaphonya. Amene amalemba za nkhaniyi kunja amaganiza za bambo, mayi ndi ana awo atakhala benchi imodzi. Mukalowa m'tchalitchi cha kumudzi ku Tsangano kapena ku Macanga simudzazipeza zimenezo. Abambo amakhala mbali yawo, amayi mbali yawo, akulu a mpingo kutsogolo pafupi ndi gome, a kwaya pangodya pawo, ana pamphasa kutsogolo kwenikweni. Mlendo angaganize kuti mabanja amwazikana. Koma yang'anitsitsani. Mwana wolira amachoka m'manja mwa amake kupita kwa amayi ake aang'ono, kuchoka apo kupita kwa mayi wina yemwe si mbale n'komwe, mpaka atagona. Kamnyamata kakayamba kutsina mnzake, amene amakayang'ana ndi diso lakuthwa ndi atsibweni ake ali tsidya lina la tchalitchi, ndipo kamangoti zii. Kwa Achewa mwana ndi wa mbumba, amene amamuyang'anira ndi abale a kuchikazi. Kwa Angoni, omwe anadzakhazikika kuzungulira Dómuè m'zaka za m'ma 1800, mwana amawerengedwa kubanja la bambo, ndipo agogo akuchimuna ali ndi mawu. Konse kuwiri banja ndi lalikulu kuposa benchi. Tchalitchi chonsecho ndiye benchi yake.

Izi ndimazilemekeza kwambiri chifukwa cha ana amasiye ndi ana a amayi omwe amuna awo ali kutali kuganyu. Titati tilamule kuti aliyense azikhala ndi makolo ake, mwana wopanda makolo angadziwike Lamulungu lililonse kuti ali yekha. Pamphasa paja palibe amene amadziwika kuti ndi wamasiye. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo kakhalidwe kathu ka m'tchalitchi kamachita zimenezi popanda wina kuzilalikira.

Mipingo ili ndi zifukwa za m'Malemba zosungira ana pakati pa akulu. M'buku la Nehemiya mutu 8, pamene Ezara ankawerenga chilamulo, panasonkhana amuna, akazi ndi onse otha kumva. Mneneri Yoweli poitanitsa msonkhano anatchula okalamba, ana ndi oyamwa omwe. Mu Marko mutu 10 ophunzira atafuna kubweza ana, Yesu anawakalipira ophunzirawo. M'buku la Machitidwe mutu 16, Lidiya anabatizidwa ndi a pabanja pake, chimodzimodzinso mlonda wa ndende ya ku Filipi. Pa mavesi omalizawa ndi pomwe mipingo imasiyana. Akatolika ndi a Igreja Reformada em Moçambique amabatiza makanda: kwa iwo khanda lili kale m'mpingo, ndipo makolo ndi mpingo wonse amalonjeza kulilera m'chikhulupiriro. A Baptist, a Adventist ndi mipingo yambiri ya Chipentekoste amadikira munthu adzivomereze yekha, khanda amangolipempherera ndi kulipereka kwa Mulungu. Komabe onsewa ana amawalola kukhala nawo m'mapemphero.

Pa Mgonero ndi pomwe pamaoneka kuti ngakhale m'nyumba imodzi muli makomo. Kwa Akatolika, kuyambira mu 1910 pamene Papa Pius X analamula kuti mwana angalandire Ukaristiya akafika msinkhu wozindikira, cha m'ma zaka 7, ana akhala akuyandikira guwa akadali aang'ono, akamaliza katekeze, maphunziro a chikhulupiriro. Kumidzi kwathu ambiri amalandira atakulirapo, chifukwa maphunziro ake amatenga zaka ndipo wansembe safika kawirikawiri. Ku Reformada mwana wobatizidwa ali khanda amayenera kulowa kalasi, kuphunzira katekisimu, kuyesedwa ndi akulu a mpingo, ndi kuvomereza chikhulupiriro pamaso pa onse asanadye Mgonero. Ndiye pa tsiku la Mgonero mwana amakhala akuonerera amake akulandira chimene iye sanaloledwe. Ena amati n'kumupatula. Ine ndimaona kuti kuonerera kumeneko kumaphunzitsa. Mwana amafunsa m'njira pobwerera, "Amayi, chija munadya chija n'chiyani?" ndipo phunziro limayambira pomwepo.

Nanga Sande sukulu inachokera kuti? Ambiri amaganiza kuti ndi yakale ngati mpingo womwe. Ayi. Inafala kuchokera ku Gloucester, ku England, cha m'ma 1780, pamene Robert Raikes anayamba kusonkhanitsa ana osauka omwe ankagwira ntchito sabata yonse, kuti Lamulungu aziphunzira kuwerenga pogwiritsa ntchito Baibulo. Inali sukulu yeniyeni ya ana osowa sukulu. Kuisandutsa malo osungirako ana pamene akulu akupemphera kunabwera pambuyo pake. Kumidzi yambiri ya kwathu Sande sukulu imachitika m'mawa pansi pa mtengo, mapemphero aakulu asanayambe, kenako ana amalowa ndi onse. Kachitidwe kameneka kamasunga zonse ziwiri, ndipo ndimakakonda kuposa kaja kochotsa ana m'tchalitchi kuyambira pemphero loyamba mpaka mdalitso.

Koma chimene chinalimbitsa kupembedza pamodzi ku Tete kuno ndi mbiri yathu, ndipo pamenepa ndikufuna ndichedwepo.

Mu 1909 ansembe a chipani cha Jesuit, omwe anali kale ku Boroma m'mphepete mwa Zambezi, anatsegula mishoni ya Lifidzi ku Angónia kuno. Nthawi yomweyo amishoni a Dutch Reformed ochokera ku South Africa, omwe anali atakhazikika ku Malawi, ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, anadutsa malire n'kuyamba ntchito ku Mphatso. Onse awiri sanakhalitse mumtendere. Ufumu wa ku Portugal utagwa mu 1910, a Jesuit anathamangitsidwa, ndipo anadzabwerera mu 1941, boma la Portugal litasainirana pangano ndi Vatican mu 1940. A Dutch Reformed boma lachitsamunda linawatsekera mishoni zawo mu 1922. Kwa zaka pafupifupi 50 Akhristu a mpingo umenewu, womwe lero ndi Igreja Reformada, ku Angónia anakhala opanda mbusa wokhala pakati pawo.

Taganizirani zaka 50. Mwana wobadwa chaka chimene amishoni ankachoka anafika pokhala ndi zidzukulu asanaone mbusa wa kwawo. Nanga chikhulupiriro chinapulumuka bwanji? Chinapulumukira m'nyumba ndi pansi pa mitengo. Mkulu wa mpingo wotha kuwerenga ankasonkhanitsa a m'mudzi, ndipo panalibe zoti ana apite kwina, chifukwa kwinako kunalibe. Chaka chomwecho cha 1922 n'chimene Baibulo lonse la Chinyanja, Buku Lopatulika, linasindikizidwa, ndipo linkalowa kuno kudzera m'manja mwa abale a ku Dedza ndi ku Ntcheu. Ubatizo, ukwati ndi Mgonero anthu ankazitsatira kutsidya kwa malire, ku mipingo ya Nkhoma. Agogo anga aakazi ankasimba kuti ankanyamuka tambala woyamba, amayi awo atabereka khanda lokabatizidwa, iwo atasenza kamtanga ka ufa ndi nyemba, akuimba m'njira kuti tulo tisawagwire. Nyimbo zimene anaphunzira paulendo umenewo ankaziimbabe atakalamba, mavesi onse, osayang'ana m'buku.

Ufulu utabwera pa 25 June 1975, patangopita mwezi umodzi boma linatenga sukulu ndi zipatala za mishoni, ndipo amishoni ambiri anachoka. Mu 1977 Akatolika a dziko lonse anakumana ku Beira n'kugwirizana kuti mpingo uzikhala m'manja mwa Akhristu eni ake, m'magulu ang'onoang'ono, aliyense ndi utumiki wake. Ndiwo makomunidade omwe tili nawo lero, ofanana ndi miphakati ya ku Malawi, otsogozedwa ndi animadori, Akhristu wamba osankhidwa kutsogolera, ndi akatekisiti. Kenako nkhondo yapachiweniweni inakula. Mu October 1985 ansembe awiri a Jesuit, João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Moreira, anaphedwa ku Chapotera, kufupi ndi Lifidzi. Midzi inatha, ndipo anthu oposa miliyoni imodzi a ku Mozambique anathawira ku Malawi. M'misasa ya othawa nkhondo tchalitchi chinali chisakasa cha udzu, ndipo mayi sakanalola mwana wake achoke pamaso pake ngakhale kwa ola limodzi. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, obwerera anapeza matchalitchi ena atagumuka, ena atamera tchire. Anawamanganso ndi manja awo: abambo akuumba njerwa, amayi akutunga madzi, ana akututa njerwa ziwiriziwiri pamutu, agogo akuloza pomwe panali maziko akale.

Choncho mpingo wa kuno unaphunzira katatu konse kuti mbusa angachoke, wansembe angachoke, nyumba ingagwe, koma chotsala ndi agogo odziwa nyimbo ndi mdzukulu woti aimve.

Tsopano ndinene zondiwawa. Kukhala m'nyumba imodzi sikutanthauza kuti onse akupembedza. Ndinakula ndikuona mkulu wina yemwe ntchito yake inali kuyendayenda pakati pa ana ndi kandodo. Wosinza ankamugogoda pamutu, wonong'ona ankamukwapula pamwendo. Tinkakhala chete ndithu, koma maso athu anali pa kandodo, makutu sanali kuguwa. Ulaliki unkatha ola lathunthu popanda liwu limodzi lolunjika kwa ife. Kalembera wa 2017 anaonetsa kuti pafupifupi theka la anthu a m'dziko muno ndi ana osakwana zaka 15. M'tchalitchi cha kumudzi mungathe kuziona ndi maso: mphasa zadzaza kuposa mabenchi. Mlaliki amene wakonzekera akuluakulu okha wasiya theka la mpingo wake ndi njala, ngakhale ali nalo pamaso pake.

Chachiwiri ndi chilankhulo, ndipo ichi n'chathuchathu, abale a ku Malawi sachidziwa mmene ife tikuchidziwira. Mwana wa ku Ulongué amalankhula Chichewa kunyumba, koma kusukulu ambiri amaphunzira kuwerenga m'Chipwitikizi. Maphunziro a zilankhulo ziwiri alipo m'sukulu zina, koma sanafike paliponse. Ndiye mumpatse Baibulo la Chichewa mwana wa m'kalasi lachisanu ndi chimodzi. Akaona "ch" lilime lake limathamangira ku katchulidwe ka Chipwitikizi, n'kumveka ngati "sh". Akafika pa "ng'ombe" amaima, osadziwa chochita ndi kachizindikiro kaja. Mawu omwe amawalankhula tsiku lililonse amakhala achilendo akawaona papepala. Agogo ake nawo Chichewa amachiwerenga bwino, ena anachiphunzira ku Malawi nthawi ya nkhondo, koma Chipwitikizi cha paguwa chimawadutsa. Mumzinda wa Tete nkhani imakula, chifukwa pabenchi imodzi pali olankhula Chinyungwe, Chisena ndi Chichewa, ndipo chosavuta n'kungoti mapemphero a m'mawa akhale a chilankhulo cha makolo, a masana a Chipwitikizi. Palibe amene ananena kuti tigawe mpingo potsata misinkhu, koma zotsatira zake n'zomwezo: okalamba m'mawa, achinyamata masana. Malasha a ku Moatize, omwe anayamba kukumbidwa kwambiri cha m'ma 2011, akoka achinyamata ambiri ochokera kumapiri kuno, ndipo kumeneko amalowa m'mipingo momwe wamkulu kwambiri ali ndi zaka 40. Akadwala mwana, akavuta ukwati, palibe wa imvi woti n'kumufunsa.

Chachitatu ndi nyimbo. Achinyamata akufuna kiyibodi, zokuzira mawu ndi makorasi ovina. Akulu akufuna nyimbo za m'buku, zoimba modekha, mavesi onse asanu. Akulu amati mawu a akulu akoma akagonera. Achinyamata amayankha chamumtima kuti tsobola wakale sawawa. Ndaonapo mpingo pomwe agogo amatseka makutu ndi chitenje chifukwa chokuzira mawu chili pafupi ndi benchi yawo, ndiponso mpingo pomwe kwaya ya achinyamata inaletsedwa ng'oma mpaka theka lake linasamukira ku tchalitchi china. Konse kuwiri mpingo unaluza. Pomwe zikuyenda bwino, achinyamata amaphunzira nyimbo ziwiri zakale n'kuziimba ndi zida zawo motsitsa, ndipo amayi a Chigwirizano, bungwe la amayi a mpingo, atavala zoyera ndi zakuda zawo, amadzuka n'kuvina nawo korasi. Zimafuna kuti wina agonje pang'ono Lamulungu lililonse.

Sindikunena kuti misinkhu isamapatukane konse. Makolo athu ankadziwa kuti pali mawu oyenera namwali omwe sanenedwa pamaso pa ana, ndipo mipingo inatengera nzeru imeneyi poika chilangizo m'malo mwa chinamwali cha kumudzi: atsikana ndi alangizi aakazi, anyamata ndi alangizi aamuna. Kalasi ndi katekeze zimafunanso kuti ana akhale paokha, afunse momasuka. Ngakhale malangizo omwe Vatican inatulutsa mu 1973 okhudza Misa za ana amalola kuti ana akamvere Mawu a Mulungu padera m'mawu osavuta, koma abwerere kudzakhala ndi onse pa gawo la Ukaristiya. Mfundo yake ndi yomweyo ya pansi pa mtengo ija: apatuke kuti aphunzire, abwerere kuti apembedze. Ndipo taonani kuti ngakhale pa chilangizo, wophunzitsa ndi wamkulu, wophunzira ndi wamng'ono. Mibadwo imakumanabe. Choopsa ndi gulu lomwe wotsogolera ndi otsogoleredwa onse ndi a msinkhu umodzi, chaka ndi chaka.

Chimene ndaona kuti chimamanga mibadwo ndi ntchito. Mwana amene ali ndi chochita m'tchalitchi sasowa kandodo. Kwa Akatolika anyamata amatumikira paguwa, atsikana amavina potsogolera Buku la Mawu ndi zopereka. Nthawi ya masika, pamene mabanja akubweretsa chimanga, nyemba, mbatatesi ndi nkhuku kudzathokoza, ana ndi amene amasenza malichero kupita nawo kutsogolo, ndipo mwana amene wasenza lichero la mbatatesi za m'munda wa kwawo amamvetsa chopereka kuposa amene wangouzidwa. Pamaliro, achinyamata amakumba manda ndi kunyamula bokosi, amayi amaimba usiku wonse, akulu amayendetsa mwambo. Abusa ena aphunzira kuima kaye asanayambe ulaliki, n'kutsika kupita pamphasa, kufunsa ana funso limodzi ndi kuwasimbira nkhani ya tsikulo m'mphindi zisanu. Chodabwitsa n'chakuti akuluakulu ambiri amakumbukira mphindi zisanu zimenezo kuposa ola lotsatira. Ku Ulongué kuli Hefsiba, sukulu yophunzitsa abusa a Reformada, ndipo ndikanakonda kuti aliyense wotuluka kumeneko, ngakhalenso ku maseminale a mipingo ina, aziyesedwa ngati angathe kulankhula ndi mwana wa zaka 6 ndi gogo wa zaka 70 mu ulaliki umodzi.

Nawonso okalamba asamangokhala olemekezedwa opanda chochita. Ambiri maso anafooka, miyendo siyifikanso kutchalitchi nthawi ya dzinja mitsinje ikadzaza. Mpingo wopembedza pamodzi umawatsatira kunyumba, ndipo popita kumeneko uzitenga ana. Ndinaperekezapo gulu lina kukaona mayi wachikulire yemwe anali atagona miyezi itatu. Tinakhala pakhonde, iwo atatsamira khoma, atafunda bulangeti. Mtsogoleri anapereka Baibulo kwa kamtsikana ka zaka 11 kuti kawerenge Salimo 23. Kanayamba bwino, koma pa mzere wachiwiri kanakakamira pa liwu lina, n'kuyang'ana pansi ndi manyazi.

"Bwereza, mdzukulu wanga, usaope," anatero agogowo. "Tchula ngati mmene umatchulira kunyumba."

Kanabwereza, kanakakamiranso. Agogo aja, maso ali chitsinzinire, anatchula liwulo, n'kupitiriza mzere wonse pamtima. Mtsikanayo anatsatira ndi chala papepala, milomo ikuyenda. Pa vesi lotsatira anawerenga yekha, agogo akungomuthandiza apa ndi apo, mpaka anafika kumapeto onse awiri pamodzi.

"Zikomo agogo," kanatero motsitsa mawu, kakutseka buku.

"Ubwerenso Lachitatu. Tidzawerenge lotsatira."

Lachitatu kanapitadi, katatenga mng'ono wake ndi kabotolo ka thobwa komwe amake anakapatsira.